Zidindo 28 m'pasipoti ya munthu amene sadatuluke mu Joni: lipoti la nkhani ya banja lina la ku Lizulu

Lipotili talemba ife alangizi a zamalamulo amene timathandiza anthu a m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera ku Biriwiri kukafika ku Dedza. Eni nkhani adalola kuti ilembedwe. Maina awo, mudzi wawo, bwana wa ku Joni ndi basi imene idagwiritsidwa ntchito sitizitchula.

Mmene nkhani idatipezera

Mayi wa zaka 26, wa ana awiri, adabwera ndi amalume ake chakumapeto kwa 2024. Adati: "Alangizi, bambo a ana anga asiya kuyankha foni, ino ndi sabata yachitatu. Ndikatumiza uthenga pa WhatsApp pakungobwera katiki kamodzi." Amalumewo adaonjezera yawo, yoti dimba la mbumba yawo lili m'manja mwa munthu wa katapila ndipo akukana kulibweza.

Mayiyu anali ataluza kale K80,000. Munthu wina adamuimbira pa nambala ya ku South Africa, akuyankhula Chichewa chabwinobwino, nanena kuti mwamuna wake ali m'chitokosi ndipo apolisi akufuna ndalama kuti amutulutse usiku womwewo. Adatumiza pa foni, nambala ija n'kuzima. Akuba otere amatenga nambala m'magulu a WhatsApp ndi Facebook momwe abale amalengeza za munthu wosowa. N'chifukwa chake timaletsa kuika nambala ya mkazi kapena ya mayi pa chilengezo. Muziika ya munthu mmodzi wamtima wolimba amene sangatumize kanthu asanamve mawu a mwini wakeyo.

Ulendo wake

Bamboyu ali ndi zaka 29, ndi mlimi wa kachewere ndi kabichi, mkamwini. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza ndi mankhwala opopera kachewere zidamukanika. Kumayambiriro kwa 2024 adakongola K500,000, pangano lake kubweza K900,000 pa miyezi inayi, chikole n'kukhala dimba la theka la ekala. Wokongozayo azililima mpaka ngongole itatha. Panalibe cholemba chilichonse.

Pasipoti anali nayo yeniyeni. Adatulukira pa boda ya Dedza, kulowa Mozambique pa Calomue, kudutsa Tete, kutuluka pa Cuchamano, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Masvingo mpaka Beitbridge. Pamenepo adamudindira masiku 30, monga amachitira ndi Mmalawi aliyense wopita kukacheza. Mpaka apa palibe lamulo limene adaphwanya, ndipo mfundoyi tiigwiritsitse, chifukwa ambiri amaganiza kuti onse odipotedwa ndi odumpha Limpopo. Ochuluka amene amafika pa ofesi yathu adalowa pakhomo.

Atafika ku Johannesburg, transipota amene adamunyamula paulendowu adakana kumupatsa pasipoti ndi foni, ati pa maboda padapita ndalama zambiri, pakufunika R1,500 yoonjezera. Adakhala masiku awiri m'nyumba yotsekedwa pamodzi ndi anzake mpaka msuweni wake atalipira. Tidaunika ngati izi zikugwera pa lamulo lathu la 2015 lothana ndi kugulitsa anthu, lomwe chilango chake chimafika zaka 14 ngati wogulitsidwayo ndi wamkulu ndi zaka 21 ngati ndi mwana. Tidaona kuti umboni wake ngoperewera: transipota sadamulonjeze ntchito yabodza, sadamupereke kwa bwana, ndipo ndalama zitaperekedwa adamumasula. Komabe kusunga pasipoti ya munthu ndi kumutsekera ndi chizindikiro chimene mlangizi asachinyozere. Msuweni akadapanda kulipira, n'kunenedwa kuti bamboyu agwire ntchito yobweza ngongoleyo, nkhani ikadakhala ina.

Zidindo

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Masiku 30 aja ndi a mlendo, salola kugwira ntchito, ndipo akatha munthu ayenera kukhala atatuluka. Anzake a pa ntchito ya zomangamanga adamuuza njira imene ambiri amatsata: masiku akatsala pang'ono kutha, umapereka pasipoti kwa munthu wa pa basi pamodzi ndi R500, pasipoti imapita yokha ku Beitbridge n'kubwera ndi masiku atsopano. Adachita zimenezi kasanu n'kawiri, R3,500 yonse. Ulendo uliwonse pasipoti imafunika zidindo zinayi: kutuluka South Africa, kulowa Zimbabwe, kutuluka Zimbabwe, kulowanso South Africa. Zonse pamodzi 28.

Msuweni adatitumizira zithunzi za masamba a pasipotiyo zimene bamboyu adamujambulira kale. Tidaziika pa tebulo motsatana ndi madeti. Pa ulendo wachinayi, chidindo chotuluka mu Zimbabwe chinali ndi deti la dzulo lake la chidindo cholowera, ngati kuti munthu adatuluka m'nyumba asanalowemo. Pa ulendo wachisanu ndi chimodzi, inki ya chidindo cha South Africa ndi ya cha Zimbabwe inali yamtundu umodzi, yofufuma mofanana m'mphepete, zooneka kuti zidadindidwa pa tebulo limodzi. Bamboyu sadaziwone zimenezi. Iye ankangoyang'ana deti lomaliza.

Koma ngakhale chidindo chitakongola bwanji, njirayi ili ndi bowo limodzi losatsekeka. Chimene boma la South Africa limakhulupirira ndi kompyuta ya pa boda imene imasunga kulowa ndi kutuluka kwa munthu, osati inki. Chidindo chogula mwina n'chosema, mwina n'chenicheni koma chodindidwa mwakuba popanda kulowetsa kanthu mu kompyuta. Wa imigireshoni akalowetsa nambala ya pasipoti amaona kuti munthu adalowa kamodzi ndipo sadatulukepo. Pamenepo zidindo zija zimasanduka umboni womutsutsa mwini wake.

Tiyerekeze njira ziwiri zimene anali nazo, malinga ndi lamulo la South Africa loona za olowa m'dziko la 2002 ndi malamulo ake aang'ono a Meyi 2014. Munthu amene wapyola masiku n'kutuluka yekha pa boda amalembedwa kuti ndi wosafunika: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka ziwiri ngati wabwereza m'miyezi 24, zaka zisanu ngati wapyola ndi masiku oposa 30. N'chilango chowawa koma chili ndi polekezera, ndipo gawo 30 limalola kupempha kuti chichotsedwe. Munthu amene wadipotedwa, kapena wapezeka ndi chiphaso chachinyengo, amagwera pa gawo 29, la anthu oletsedwa. Kuletsedwa kumeneku sikutha ndi zaka. Kumatha pokhapokha mkulu wa Home Affairs, nthambi ya boma la South Africa yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, atavomera pempho lolembedwa. Ndiye kuti R3,500 ija sidamugulire chitetezo ngakhale cha tsiku limodzi, idangoonjezera chifukwa chachiwiri chomutsekera khomo.

Sitikumuweruza. Munthu wa ku Lizulu adakulira pamalo pomwe boda ndi msewu: uku Malawi, tsidya la phula Mozambique, msika umodzi, maliro amodzi, achibale ku Angonia. Kuti pepala lingatseke munthu zaka, n'chinthu chimene maso ake sadachiwonepo. Ndipo amene amamugulitsa zidindozo amadya naye nsima.

Kumufufuza

Kuti munthu apezeke pamafunika dzina monga lidalembedwera m'pasipoti, nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa, dera limene amagona ndi limene amagwira ntchito, ndi tsiku limene adamveka komaliza. Sabata yoyamba idapita pachabe chifukwa mayiyu adapereka dzina la mfunda limene mwamuna wake amadziwika nalo kumudzi, pomwe m'pasipoti muli dzina la bambo ake. Banja lililonse lokhala ndi munthu kunja lisunge chithunzi cha tsamba loyamba la pasipoti ndi cha chiphaso cha unzika.

Dzina litakonzedwa, msuweni adayenda ku polisi ya dera lomwe ankagwira ntchito ndi kwa kalaliki wa khothi la majisitireti, ife tikulemba kalata yopita ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Johannesburg. Bungwe la Red Cross lilinso ndi ntchito yolumikizanitsa abale otayana, koma pano sidafunike. Zidapezeka kuti adamugwira m'mawa akudikira galimoto ya kuntchito, adavomera mlandu wokhala m'dziko popanda chilolezo pansi pa gawo 49, lomwe chilango chake chimatha kufika zaka ziwiri, ndipo adamupatsa miyezi itatu. Mwayi wake ngwoti sadamuzenge mlandu wa zidindo, umene chilango chake n'chokulirapo. Pasipoti idatsala m'manja mwa boma.

Atamaliza chilango adamutumiza ku Lindela, ku Krugersdorp, komwe odikira kudipotedwa amasungidwa. Mabanja adziwe ziwerengero izi. Khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidagamula mu 2017 kuti womangidwa kuti adipotedwe aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Kusungidwa kwake kusapyole masiku 120. Chimene chimachedwetsa kawirikawiri ndi kutsimikiza kuti munthu ndi Mmalawi kuti apatsidwe chikalata chapangozi choyendera, komanso kudikira kuti basi idzale. Chithunzi cha chiphaso cha unzika chimene tidatumiza chidathandiza pa kutsimikizako. Adakhalako masabata asanu, nabwera pa basi kudzera ku Mwanza, atavala zomwe adagwidwa nazo. Ya thiransipoti yochokera ku Mwanza kudzera pa Zalewa ndi Chingeni mpaka Lizulu adatumiza ndi amalume aja.

Chifuwa

Chinthu choyamba chimene timafunsa wobwerera aliyense si ndalama, ndi mankhwala. Bamboyu adaulula kuti adampeza ndi TB ku kiliniki ya ku Joni ndipo adamwa mankhwala masabata asanu ndi awiri asanagwidwe. Khadi ndi mapilitsi zidatsala m'chipinda chimene ankachita lendi. Kundende atafunsidwa ngati akudwala adakana, poti chifuwa chinali chitaleka ndipo ankaopa kuti akanena amusunga nthawi yaitali. Adakhala miyezi yoposa inayi osamwa.

Mankhwala a TB ndi a miyezi isanu ndi umodzi: iwiri yoyamba mitundu inayi, inayi yotsatira mitundu iwiri. Munthu amayamba kupeza bwino m'masabata oyambirira tizilombo tisanathe, ndipo akasiyira pamenepo tingabwerere titalimba. Amene wadukiza miyezi iwiri kapena kuposa sapitiriza pomwe adasiyira. Tidamuperekeza ku chipatala cha boma cha Ntcheu komwe adapereka makhololo kuti ayezedwe pa makina a GeneXpert, amene amaonetsa ngati TB ilipo komanso ngati ikumvabe mankhwala a rifampicin. Idapezeka, koma yomva mankhwala, ndipo adayambiranso. Adayezetsanso HIV. Mkazi ndi ana adaunikidwa, wamng'ono wa zaka zitatu n'kuikidwa pa mankhwala oteteza. Anali atagona m'chipinda chimodzi ndi anawo masiku asanu ndi anayi asanatiuze, ndipo kuchedwa kumeneku kudatidandaulitsa kuposa china chilichonse m'nkhaniyi.

Malipiro

Ankalandira R150 pa tsiku la maola asanu ndi anayi, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Kuyambira pa 1 Malichi 2024 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa anali R27.58 pa ola, kutanthauza R248.22 pa tsiku lotere. Ankamudya R98.22 tsiku lililonse, osawerengera ovataimu. Pogwidwa anali asadalipidwe masabata asanu: R4,500 pa mtengo wa bwanayo, R7,446.60 pa mtengo wa lamulo.

Lamulo lili kumbali yake. Khothi la zantchito la South Africa lidagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti munthu wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu ndipo angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya mabwana ndi antchito. Ngongole ya malipiro simafa zisanathe zaka zitatu. Koma dandaulo limafuna dzina la wodandaulidwa ndi komwe angapatsidwe samani. Bamboyu ankamudziwa bwana wake ndi dzina lomutchulira chabe. Ankalandira pamanja, kampani sankaidziwa, malo omanga ankasintha, mauthenga onse adapita ndi foni. Msuweni adamupeza bwanayo kamodzi, ndipo adayankhidwa kuti munthu wotero sakumudziwa. Ndalamayi sitidaipeze. Chikadathandiza n'chaching'ono: chithunzi cha chikwangwani cha pamalo omanga chokhala ndi dzina la kontirakita, nambala ya galimoto ya bwana, ndi kope lolembamo masiku, zonse zikutumizidwa kwa mkazi kumudzi sabata iliyonse.

Gawo 38 la lamulo lomwe lidamanga bamboyu limaletsa kulemba ntchito munthu wopanda mapepala, ndipo gawo 49 lili ndi chilango cha bwana wotero. M'nkhani iyi bwana sadafunsidwe kanthu, wa zidindo sadafunsidwe kanthu, transipota akunyamulabe anthu.

Dimba

Apa ndi pomwe tidapezapo kanthu. Mayiyu adabweza K650,000 yonse pamodzi, m'magawo asanu, kuchokera pa zimene mwamuna wake ankatumiza pa Mukuru, koma wokongoza sankalemba risiti, ndipo ankati chifukwa cha kuchedwa ngongole yafika K1,300,000. Tidatenga mauthenga a m'foni oonetsa tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama iliyonse yolandiridwa, n'kuwafananiza ndi masiku amene mayiyu ankapita kukapereka. Katatu adapita ndi mng'ono wake, amene adakhala mboni.

Nkhani idapita ku bwalo la agulupu. Amalume adaimirira n'kunena: "Amfumu, dimba ili adasiya ndi amayi athu. Mkamwini amalima, sapinyolitsa. Ine mwinimbumba sindidafunsidwe." Ife tidaonjezera ziwiri. Choyamba, wokongozayo adakolola kachewere kawiri m'dimbamo, ndipo oyandikana nawo adachitira umboni kuti dimba lotero limabwerekedwa K100,000 pa kulima kumodzi, choncho K200,000 iwerengedwe ngati yobwezedwa. Chachiwiri, lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khothi mphamvu younikanso ngongole ya chiwongoladzanja chopyola muyeso, ndipo nkhani ikapita kwa majisitireti ngakhale K900,000 ija ingatsitsidwe. Wokongoza atamva zimenezi adafewa. Adagwirizana kuti yatsala K50,000, akolole mbewu yake yachitatu yomwe inali m'munda, kenako achoke. Zidalembedwa, mbali zonse zidasaina, agulupu n'kudinda. Tikadatha kulimbana kuti K50,000 nayo ife, koma banjali limwa madzi pa mjigo umodzi ndi munthuyo, ndipo amalume adasankha mtendere.

Ndale zimene zili kuseri kwa nkhaniyi

Agogo a bamboyu adapita ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa pa mgwirizano wa maboma awiri. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu. Kudayambiranso mu 1977 pansi pa Theba, bungwe lomwe lidalowa m'malo mwa Wenela, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV. Dongosolo lija linali lankhanza, la tsankho, ndipo akuluakulu ambiri adafa akudikira ndalama zawo. Koma munthu ankapita ndi nambala, dzina lake lili m'kaundula. Mdzukulu wake akupita njira yomweyo, ntchito ikumudikira ndithu, koma khomo lovomerezeka la womanga nyumba, wa m'munda kapena wa m'nyumba palibe. Anthu a ku Zimbabwe adapatsidwa zilolezo zapadera kuyambira 2009, a ku Lesotho mu 2016. Amalawi sadapatsidwepo. SADC idalemba mu 2005 mgwirizano wofuna kuti nzika zake zizichezerana masiku 90 popanda viza, ndipo wa ku Zimbabwe kapena Tanzania amapatsidwa 90 polowa mu South Africa, Mmalawi 30. Msika wa zidindo umadyera pa kufupika kwa masiku amenewa. Maganizo athu ndi oti boma lathu lizikambirana za chilolezo cha ntchito ndi kutalikitsa masiku, m'malo mongotumiza mabasi zinthu zikavuta monga lidachitira pa ziwawa za ku Durban mu 2015.

Ndipo tisamaloze chala ku Operation Dudula, gulu la ku South Africa lothamangitsa anthu ochokera kunja, ngati kuti kwathu kuno kuli bwino. Msewu womwe bamboyu adadutsa umadutsanso anyamata a ku Ethiopia opita ku Joni komweko. Mu Malichi 2020 anthu 64 adapezeka atafa m'kontena ya thiraki yochokera ku Malawi pa sikelo ya Mussacama ku Tete, amoyo 14 okha. Mu Okutobala 2022 mitembo 30 idafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Amene amagwidwa amoyo amazengedwa ndi lamulo lathu la 1964 loona za olowa m'dziko, ndipo ena amakhalabe m'ndende chilango chitatha podikira tikiti yobwerera, mkazi kwawo akuona katiki kamodzi komweko. Mu Meyi 2023 othawa kwawo adatoleredwa m'matauni, ena kudzera ku ndende ya Maula, kubwezedwa ku Dzaleka, kampu yomangidwira anthu pafupifupi 12,000 yomwe inali ndi oposa 50,000. Izi zikuchitika m'dziko lomwe pa nkhondo ya ku Mozambique lidasunga anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu momwe muno, akulima m'minda ya eni mudzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tinkatero nthawi imeneyo.

Pomwe nkhani ili

Bamboyu ali m'mwezi wachinayi wa mankhwala, ndipo makhololo a mwezi wachiwiri adatuluka bwino. Atsala kuyezedwanso mwezi wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Dimba labwerera, adzalamo kabichi chifukwa mbewu ya kachewere yawakanika.

Akunenabe zobwerera. Wina adamulangiza kuti atenge pasipoti ina pa dzina lina. Tamuuza kuti zidindo za zala zake zili ku NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, ndipo zidatengedwanso atamangidwa, choncho dzina latsopano lingomuonjezera mlandu kuno ndi uko. Wina adamuuza za kuwoloka Limpopo, komwe kuli ng'ona, madzi odzaza m'dzinja ndi achifwamba otchedwa magumaguma. Njira yovomerezeka ndi imodzi: kulemba pempho kwa mkulu wa Home Affairs, lofotokoza zonse mosabisa, ndi zikalata za mlandu, za kudipotedwa ndi kalata ya polisi ya kuno yosonyeza kuti alibe mlandu wina. Tamuuza poyera kuti kwa munthu wopanda mkazi, mwana kapena ntchito yovomerezeka ku South Africa mwayi wake ngochepa. Zikalata za mlandu msuweni akuzitsatabe kwa kalaliki wa khothi. Pasipoti yatsopano adzafunsira kuno, atafotokoza moona komwe yakale idatsala.

Mng'ono wa mayiyu, yemwe adali mboni pa bwalo uja, wapeza pasipoti ndipo akuti anyamuka akakolola. Tidakhala naye ola lathunthu ndi zithunzi za zidindo 28 zija. Adafunsa mafunso awiri: kuti akatuluka yekha pa tsiku la 29 n'kulowanso angapatsidwe masiku angati, ndipo tidamuuza kuti zili kwa wa imigireshoni, amene angathe kumupatsa ochepa kapena kumubweza akaona kuti akukhala m'dzikomo, ndi kuti chithunzi cha pasipoti asiyire ndani. Wasiyira amalume.